Imelo ya pa domeni yanu, ndi mmene mungayendetsere nokha seva yake

Adiresi ya imelo yothera ndi dzina la kampani ina, ngati @gmail.com kapena @outlook.com, mumangoibwereka. Tsiku limene kampaniyo idzatseke akaunti yanu, kapena inuyo mudzafune kuchoka, adiresiyo idzatsala komweko, ndipo maakaunti onse amene munalembetsa nayo adzakhala pachiswe. Mukakhala ndi domeni yanuyanu, kutanthauza dzina lobwera pambuyo pa @, adiresi imakhala yanu. Makalata mungamawasungitse kumene mwasankha chaka chino, n'kusamuka chaka chamawa osauza aliyense adiresi yatsopano.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kukhala ndi domeni ndi nkhani ina, kuyendetsa nokha seva ya makalata, kompyuta yolandira ndi kutumiza imelo, ndi nkhani inanso. Choyambacho chimatheka madzulo amodzi ndipo aliyense chimamupindulira. Chachiwiricho ndi ntchito yosatha, ndipo kuvuta kwake sikuli pa kuika mapulogalamu. Kulandira makalata n'kophweka. Pamene pagona nkhani ndi kutumiza: kuchititsa maseva a Gmail, Outlook ndi Yahoo kukhulupirira kuti kalata yochokera kwa inu si spam, makalata osafunika otumizidwa mwachisawawa.

Kugula domeni ndi kuiteteza

Domeni imalembetsedwa ku kampani yogulitsa madomeni ndipo imalipiridwa chaka ndi chaka. Ya .com mungailipiriretu mpaka zaka 10. Sankhani dzina lalifupi limene munthu angalilembe molondola atangolimva pa foni. Pewani mapeto amene amagulitsidwa motchipa kwambiri chaka choyamba, chifukwa otumiza spam amathamangira omwewo ndipo zosefera makalata zambiri zimawakayikira. Domeni yatsopano nayonso imakayikiridwa masabata oyambirira, choncho ilembetseni nthawi ikadalipo.

Mukangoigula, tsegulani zoti izilipiridwa yokha nthawi ikakwana, ikani chitetezo cha magawo awiri pa akaunti yanu, ndipo khomani loko yoletsa kuti domeni isasamutsidwire kwina popanda chilolezo. Domeni ikatha osailipira, munthu wina angathe kuigula, n'kuyamba kulandira makalata anu onse, kuphatikizapo aja osinthira mapasiwedi.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi iyi: adiresi imene mwalembetsera akaunti ya kogula domeni, komanso ya kobwereka seva, isakhale ya pa domeni yomweyo. Seva ikagwa kapena domeni ikaimitsidwa, kalata yokuuzani za vutolo imapita ku bokosi limene simungalitsegule. Sungani adiresi imodzi kwina yogwira ntchito imeneyi basi.

Njira yaifupi

Makampani ngati Fastmail, Proton Mail, Zoho Mail, Google Workspace ndi Microsoft 365 amalandira domeni ya munthu. Amakupatsani rekodi ya TXT yotsimikizira kuti domeni ndi yanu, kenako marekodi a MX (yoloza seva yolandira makalata), SPF ndi DKIM (otsimikizira wotumiza) oti mukopere ku DNS yanu, kaundula wa pa intaneti wosunga marekodi a domeni. Kwa munthu amene akungofuna adiresi yokhalitsa, kapena bizinesi imene singapirire kutaya kalata ya kasitomala, njira imeneyi ndiyo yanzeru. Zimene zafotokozedwa m'munsimu za DNS zikukukhudzanibe, koma zina zonse ndi za amene atsimikiza mtima kuyendetsa okha seva.

Zoti mufufuze musanalipire seva

Kompyuta ya m'nyumba siyenera ntchito yotumiza makalata mwachindunji. Adiresi ya IP (nambala yodziwira makina pa intaneti) ya intaneti ya m'nyumba imasinthasintha, nthawi zina mumagawana ndi anthu ena ambiri kotero kuti palibe angakufikireni kuchokera kunja, ndipo maadiresi otere ambiri ali pa mndandanda wa Spamhaus wotchedwa PBL, wa maadiresi amene sayenera kutumiza makalata okha. Chofunika ndi VPS, seva yobwereka ku kampani, ndipo musanaikepo chilichonse muyese zinthu zitatu.

Choyamba, port 25 yotulukira kunja (port ndi khomo la nambala limene makina amalumikizirana). Maseva amalankhulana pa port imeneyi basi, palibe ina yolowa m'malo mwake. Google Cloud imaitseka, Amazon EC2 imaitseka mpaka mutapempha, ndipo makampani ena ambiri amaitsekera makasitomala atsopano. Yesani motere muli pa sevayo:

`nc -v gmail-smtp-in.l.google.com 25`

Mukaona mzere woyamba ndi 220, njira ndi yotsegula. Ikangokhala chete mpaka nthawi kutha, yatsekedwa.

Chachiwiri, rekodi ya PTR, imene imamasulira adiresi ya IP kubwerera ku dzina. Imeneyi siikidwa kumene munagula domeni koma kwa mwini wa IP, kutanthauza kampani ya VPS. Ngati salola kuisintha, fufuzani kampani ina.

Chachitatu, mbiri ya IP imene mwapatsidwa. Inagwiritsidwapo ntchito ndi anthu ena inu musanabwere. Iyang'aneni pa tsamba la Spamhaus ndi pa MXToolbox. Ikapezeka pa mndandanda wa oipa, fufutani VPS imeneyo n'kutenga ina tsiku lomwelo, chifukwa n'kosavuta kusiyana ndi kuyeretsa mbiri imene anaononga ndi ena.

Za kukula kwa makina: Postfix, Dovecot ndi Rspamd, mapulogalamu oyendetsa makalata ofotokozedwa m'munsimu, zimakwana mu RAM ya 1 GB kapena 2 GB ngati ogwiritsa ntchito ndi ochepa. Mukawonjeza ClamAV yofufuza mavairasi, yokhayo imadya kupitirira 1 GB.

DNS yoyambira

Tiyerekeze kuti domeni ndi example.com, seva ndi mail.example.com ndipo IP ndi 203.0.113.10.

`mail.example.com.  A  203.0.113.10`
`example.com.  MX  10 mail.example.com.`

Ndipo ku kampani ya VPS, PTR ya 203.0.113.10 ikhale mail.example.com. Mayina atatu ayenera kugwirizana: limene seva imadzitchula polonjera seva inzake, la mu PTR, ndi la rekodi ya A imene ikubwereranso ku IP yomweyo. Tsimikizani ndi `dig -x 203.0.113.10` ndi `dig mail.example.com`.

MX iyenera kuloza ku dzina, osati ku manambala a IP, ndipo dzinalo lisakhale CNAME, dzina longoloza ku dzina lina. Nambala 10 ija imasonyeza kutsogola: pakakhala ma MX angapo, ya nambala yaing'ono ndiyo imayesedwa poyamba. Samalani ndi kadontho komalizira dzina. Masamba ena osinthira DNS, mukasiya kadonthoko, amaphatikizapo dzina la domeni, n'kutuluka mail.example.com.example.com. Ngati DNS yanu ili ku Cloudflare, dzina la seva ya makalata lisadutse mu proxy yawo, chifukwa imabisa IP yeniyeni ndipo SMTP, njira imene maseva amatumizirana makalata, siidutsamo.

IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a IP, imagwetsa anthu ambiri. VPS zambiri zimabwera nayo yotsegula kale, Postfix n'kuyamba kutumizira pamenepo, pomwe PTR ndi SPF munangokonza za IPv4. Gmail imakana makalata otere. Konzani rekodi ya AAAA ndi PTR ya IPv6, apo ayi lembani `inet_protocols = ipv4` mpaka mudzakhale okonzeka.

Mapulogalamu

Postfix, imene inalembedwa ndi Wietse Venema n'kutulutsidwa mu 1998, imalandira ndi kutumiza makalata pa SMTP. Dovecot imasunga mabokosi, imapereka IMAP, njira yowerengera makalata, ku foni ndi kompyuta yanu, komanso imatsimikizira mapasiwedi. Rspamd imasefa spam ndi kusainira makalata otuluka. Amene akufuna kuwerenga makalata pa browser angawonjeze Roundcube.

Pali mapulogalamu amene anamanga kale zonsezi pamodzi. Mailcow imayenda pa Docker ndipo imafuna RAM ya 6 GB. Mail-in-a-Box imafuna makina a Ubuntu opanda china chilichonse ndipo imakonda kuyendetsanso DNS yanu. Docker-mailserver ndi yopepuka ndipo imakonzedwa ndi mafayilo. Zonsezi ndi zabwino, koma tsiku limene kalata idzakakamire mudzafunikabe kuwerenga log ya Postfix, momwe imalemba zonse zimene ikuchita, ndi kumvetsa zimene ikunena. N'chifukwa chake kuika zigawozi ndi manja kamodzi, ngakhale pa makina oyeserera, n'kopindulitsa.

Chenjezo kwa otsatira malangizo a pa intaneti: Dovecot 2.4, imene imabwera ndi Debian 13, inasintha kalembedwe ka mafayilo ake. Malangizo olembedwera 2.3 sagwira osasinthidwa. Onani kaye mtundu umene muli nawo ndi `dovecot --version`.

Pa firewall tsegulani 25 yolandirira makalata ochokera ku maseva ena, 587 ndi 465 zoti inuyo muzitumizirapo mutalowa ndi pasiwedi, 993 ya IMAP, ndi 80 kapena 443 ngati mukutengerapo satifiketi. Ma port 110 ndi 143 angakhale otseka.

Postfix, ndi ngozi yotumizira aliyense

Mizere yofunika kwambiri mu main.cf, fayilo yokonzera Postfix, ndi iyi:

`myhostname = mail.example.com`
`mynetworks = 127.0.0.0/8`
`smtpd_relay_restrictions = permit_mynetworks, permit_sasl_authenticated, reject_unauth_destination`
`smtpd_sasl_type = dovecot`
`smtpd_sasl_path = private/auth`
`virtual_transport = lmtp:unix:private/dovecot-lmtp`
`smtpd_milters = inet:localhost:11332`

Mzere wachitatuwo ndi umene umaletsa seva yanu kukhala open relay, kutanthauza seva yolola mlendo aliyense kutumiza makalata kulikonse kudzera mwa inu. Mapulogalamu a otumiza spam amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kufufuza maseva otere, ndipo akaipeza, IP yanu imalowa pa mindandanda ya oipa m'maola ochepa. Postfix payokha siibwera yotseguka chonchi. Vuto limabwera munthu akakulitsa `mynetworks`, kapena akaika seva kuseri kwa Docker kapena proxy imene imachititsa kuti mlendo aliyense azioneka ngati akuchokera m'kati. Mukamaliza kukonza, yesani muli pa makina ena kutumiza kalata yopita ku domeni yachilendo osalowa ndi pasiwedi. Pulogalamu ya swaks imachita zimenezi ndi mzere umodzi. Yankho loyenera ndi lokana.

Masiku ano maseva ambiri saonongeka ndi open relay koma ndi pasiwedi yobedwa. Munthu mmodzi akagwiritsa ntchito pasiwedi imene inatayikira kwina, akuba amalowa nayo pa port 587 n'kutumiza makalata masauzande osainidwa bwinobwino ndi domeni yanu. Choncho ikani Fail2ban kuti izitsekera amene akulephera kulowa mobwerezabwereza, ikani malire a makalata amene akaunti imodzi ingatumize pa ola kudzera mu ratelimit ya Rspamd, ndipo gwiritsani ntchito `smtpd_sender_login_maps` ndi `reject_sender_login_mismatch` kuti aliyense azitumiza ndi adiresi yake yokha. Kulowa ndi pasiwedi kuloledwe pa 587 ndi 465 pokha, osati pa 25.

Kukula kwa kalata Postfix imakuikira malire a mabayiti 10240000. Fayilo ikaphatikizidwa mu kalata imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha base64, ndiye fayilo ya 8 MB imakanidwa kale. Kwezani `message_size_limit` kufika pa 30000000 kapena kuposerapo. Pangani maadiresi a postmaster@ ndi abuse@, ndipo muziwawerenga: loyambalo malamulo a SMTP amalifuna, ndipo madandaulo amabwera pa lachiwirilo.

Satifiketi ya TLS, njira yobisa uthenga ukamadutsa pa intaneti, tengani ku Let's Encrypt pogwiritsa ntchito certbot, ya dzina la mail.example.com. Imakhala masiku 90 ndipo certbot imaikonzanso yokha, koma Dovecot imapitiriza kugwiritsa ntchito yakale mpaka itauzidwa kuwerenganso. Ikani deploy hook yoyendetsa `systemctl reload postfix dovecot`, apo ayi tsiku lina mafoni onse adzayamba kudandaula za satifiketi yotha pomwe yatsopano ili pa disiki. Kuyambira mu 2025 Let's Encrypt siitumizanso makalata okumbutsa. Pa port 25 lembani `smtpd_tls_security_level = may`, chifukwa mukakakamiza TLS pamenepo mudzataya makalata a maseva akale. Pa 587 ikhale `encrypt`. Potumiza kunja musaiwale `smtp_tls_security_level = may`.

SPF, DKIM ndi DMARC

Apa m'pofunika kudekha. SMTP inapangidwa popanda njira yotsimikizira wotumiza, moti aliyense angalembe dzina lanu pamalo a From. Marekodi atatuwa ndiwo amatseka mpata umenewo. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, PTR yolondola ndi TLS, ndipo otumiza makalata 5000 kapena kuposerapo pa tsiku akhale ndi SPF, DKIM ndi DMARC zonse zitatu. Yahoo inaika malamulo ofanana nthawi yomweyo. Seva yaing'ono ilibe mbiri yodalira, ndiye ikani zonse zitatu ngakhale mumatumiza makalata khumi pa tsiku.

SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina la domeni:

`example.com.  TXT  "v=spf1 mx ~all"`

Rekodi ya SPF iyenera kukhala imodzi yokha. Mukaika ziwiri, zonse zimalephera. Kampani ina ikakuuzani kuti muwonjeze `include:` yawo, iphatikizeni mu rekodi imene ilipo kale. Palinso malire a mafunso 10 a DNS: `mx`, `a` ndi `include` aliyense amawerengedwa, pamodzi ndi ena amene ali m'kati mwa `include` imeneyo. Mukapitirira, zotsatira zake ndi permerror. Kulemba `ip4:203.0.113.10` sikuwerengedwa. Pa nkhani ya `~all` ndi `-all`, yoyambayo ndi yabwinopo ngati muli ndi DMARC, chifukwa maseva ena akaona `-all` amakana kalata imene yadutsira kwina asanayang'ane n'komwe siginecha ya DKIM.

Dziwani kuti SPF siyang'ana adiresi imene wowerenga amaona. Imayang'ana ya pa envelopu, imene imaoneka ngati Return-Path. Kusiyana kumeneku kudzafunika posachedwa.

DKIM ndi siginecha. Seva yanu imasainira kalata ndi kiyi wachinsinsi, ndipo wolandira amatsimikizira ndi kiyi wapoyera amene mwaika mu DNS. Ndi Rspamd:

`rspamadm dkim_keygen -d example.com -s s1 -b 2048 -k /var/lib/rspamd/dkim/example.com.s1.key`

Zimene zatuluka pa sikirini zimaikidwa mu TXT ya `s1._domainkey.example.com`. Kiyi wa 2048 ndi wautali kuposa zilembo 255 zimene chidutswa chimodzi cha TXT chimalola, choncho amagawidwa m'zidutswa. Masamba ena amagawa okha, ena amafuna muchite nokha, ndipo ena amangodula mapeto osanena kanthu. Kopera lanu likalowetsa mpata kapena chizindikiro chogwidwa mawu pakati pa kiyi, siginecha iliyonse imalephera. Yang'anani ndi `dig TXT s1._domainkey.example.com` ndipo muyerekeze chilembo ndi chilembo. Vuto lina lofala ndi loti fayilo ya kiyi ndi ya root ndipo Rspamd ikulephera kuiwerenga: makalata amangotuluka osasainidwa, ndipo mumazindikira pokhapokha mutayang'ana log.

DMARC imamanga ziwirizi ku adiresi ya From. Kalata imapambana ngati SPF kapena DKIM yapambana, ndiponso domeni imene yapambanayo ikugwirizana ndi ya mu From. Yambani motere:

`_dmarc.example.com.  TXT  "v=DMARC1; p=none; rua=mailto:dmarc@example.com"`

`p=none` sikuletsa kanthu, imangopempha malipoti. Makampani akuluakulu amatumiza lipoti la XML pafupifupi tsiku lililonse losonyeza ma IP amene anatumiza m'dzina lanu ndi zimene zinachitika. Awerengeni kwa masabata angapo. Mudzapezamo zinthu zimene munaiwala, monga fomu ya pa webusaiti yanu kapena pulogalamu yotumiza ma invoice. Zonse zikakonzedwa, sinthani kukhala `p=quarantine`, kenako `p=reject`. Kukhala pa `none` mpaka kalekale n'kusiya domeni yanu yosatetezedwa kwa onamizira.

Ngati muli ndi domeni ina imene situmiza kapena kulandira makalata, itsekeni: MX yake ikhale `0 .`, SPF ikhale `v=spf1 -all`, DMARC ikhale `p=reject`.

Kuyesa, ndi kuwerenga mayankho

Tumizani kalata yeniyeni, ya ziganizo zingapo, ku akaunti ya Gmail ndi ya Outlook. Kalata ya mawu amodzi oti test imaoneka ngati spam. Ku Gmail tsegulani Show original ndipo muone PASS katatu. Kenako yankhani kuchokera kumeneko kuti muone ngati ikufika. Zonse zimene zikuchitika zili mu /var/log/mail.log, kapena mu `journalctl` pa makina amene alibe rsyslog, monga Debian 12 yongoikidwa kumene.

Yankho loyamba ndi 4 ndi lakanthawi: Postfix imasunga kalata pa mzere n'kumayesabe mpaka masiku 5. Loyamba ndi 5 ndi lokaniratu. Gmail ikanena 5.7.25, vuto ndi PTR. Ikanena 5.7.26, SPF ndi DKIM sizinatsimikizike. Microsoft ikatchula S3150, yatseka IP yanu kapena gulu lonse la ma IP a kampani yanu ya VPS, nthawi zambiri chifukwa cha zochita za anansi anu pa netiweki imeneyo. Ali ndi fomu yopemphera kuti akutsegulireni, ndipo nthawi zina pamafunika kuyankhanso kalata yawo yoyamba kuti nkhani ifike kwa munthu. `postqueue -p` imaonetsa zimene zakakamira ndi chifukwa chake, `postqueue -f` imayesanso zonse. Mzere ukadzaza ndi makalata mazana amene simukuwadziwa, imitsani Postfix nthawi yomweyo, pezani `sasl_username` mu log, sinthani pasiwedi ya akaunti imeneyo, kenako fufutani makalatawo ndi `postsuper`.

Chovuta kwambiri ndi kalata imene yalandiridwa ndi yankho la 250 koma yakagwera mu spam. Log yanu imati zonse zili bwino. Zimenezi zimachitika chifukwa IP ndi domeni zilibe mbiri, ndipo mbiri imamangidwa pang'onopang'ono: makalata ochepa, opita kwa anthu amene amawatsegula ndi kuyankha. Pemphani olandira oyamba kuti aichotse mu spam. Musayambe ndi kutumiza uthenga umodzi kwa anthu mazana awiri. Google Postmaster Tools ndi SNDS ya Microsoft zimaonetsa mbiri yanu, ngakhale kwa otumiza ochepa kwambiri zimakhala zopanda kanthu.

Ngati patatha miyezi makalata akugwerabe mu spam, musaumirire. Landirani nokha, koma potumiza dutsirani kampani yotumizira makalata monga Amazon SES, Mailgun kapena SMTP2GO:

`relayhost = [smtp.example.net]:587`

Mabulaketiwo amauza Postfix kuti isafufuze MX ya dzinalo. Dzina lolowera ndi pasiwedi zimalembedwa mu fayilo ya `smtp_sasl_password_maps`, n'kuyendetsa `postmap`. Apa m'pamene kusiyana kwa envelopu ndi From kumagwira ntchito: makampani ena amaika domeni yawo pa envelopu, SPF n'kupambana koma osagwirizana ndi From yanu. Choncho ikani marekodi a DKIM amene akupatsani kuti siginecha ikhale ya domeni yanu. Njira imeneyi imathandizanso amene port 25 yotulukira kunja anawatsekera, ndipo makalata osungidwa amakhalabe pa disiki yanu.

Spam yobwera

Rspamd imapereka mapointi: pa 4 imauza wotumiza kuti ayesenso pakapita kanthawi, pa 6 imaika chizindikiro cha spam, pa 15 imakana. Imafuna Redis kuti iziphunzira. Ikani resolver yanuyanu, pulogalamu yofunsa mafunso a DNS, ngati Unbound pa sevayo, chifukwa Spamhaus siyankha mafunso odutsira mu DNS za aliyense ngati 8.8.8.8. M'malo mwake imabweza nambala yosonyeza cholakwika, ndipo seva yokonzedwa mosasamala imaitenga ngati chigamulo n'kuyamba kukana makalata abwino.

Kanani spam pamene wotumiza akadali wolumikizana ndi seva yanu. Mukailandira kaye n'kubweza pambuyo pake, mumabwezera munthu wosalakwa amene adiresi yake inangonamiziridwa, ndipo inuyo mumasanduka wotumiza spam. Pa chifukwa chomwechi MX yachiwiri siifunika kwa munthu wamba. Otumiza spam amaikonda podziwa kuti kusefa kwake kumakhala kofooka, ndipo ikapanda kudziwa maadiresi enieni imalandira chilichonse. Seva yanu ikagona maola angapo makalata satayika, chifukwa maseva abwino amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu.

Catch-all, yolandira kalata yopita ku dzina lililonse pa domeni, imaoneka yabwino poyamba koma imakoka spam ya mayina ongopeka, ndipo pakapita zaka simudziwanso maadiresi amene munapereka. Ndi bwino kupanga alias, adiresi yowonjezera yofikira ku bokosi lomwelo, pa ntchito iliyonse, kapena kulemba `recipient_delimiter = +` kuti dzina+sitolo@example.com izifika ku bokosi la dzina@example.com.

Kupititsa makalata onse ku Gmail kuchokera pa seva yanu kuli ndi mavuto awiri. SPF ya wotumiza woyamba imalephera chifukwa kalata tsopano ikuchokera pa IP yanu, ndipo spam iliyonse imene yakupulumukani imawerengedwa kwa inu. PostSRSd imakonza envelopu, koma vuto lachiwirilo limatsala. Werengani pa IMAP mwachindunji.

Kusamuka ndi kusamala

Tsiku limodzi kapena awiri musanasamuke, tsitsani TTL ya MX, nthawi imene maseva ena amakumbukira rekodiyo, kufika pa masekondi 300. Pangani mabokosi onse ndi ma alias onse pa seva yatsopano MX isanasinthe, chifukwa kalata yopita ku adiresi imene kulibe imakanidwiratu. Koperani makalata akale ndi imapsync, sinthani MX, dikirani tsiku, ndipo yendetsaninso imapsync kuti itole amene anafika kwakale. Akaunti yakale isiyeni yotsegula kwa miyezi ingapo pamene mukusintha adiresi ku maakaunti anu, kuyambira ndi a ndalama.

Sungani makalata mu Maildir, momwe kalata iliyonse ndi fayilo yakeyake, chifukwa kukopera n'kubwezeretsa n'kosavuta. Tsiku lililonse restic kapena BorgBackup itumize kopera ku makina a kampani ina, osati ya VPS yomweyo. Muphatikizemo mabokosi, /etc/postfix, /etc/dovecot, zokonza za Rspamd, makiyi a DKIM, mndandanda wa ogwiritsa ntchito, ndi kope la marekodi onse a DNS. Kamodzi pa miyezi ingapo bwezeretsani bokosi limodzi pa makina oyeserera kuti mutsimikize kuti koperalo likuwerengeka.

Tsegulani unattended-upgrades kuti zigamba za chitetezo zizilowa zokha, ndipo Roundcube ngati munaiika ndi manja muziikonzanso nokha, poti ndiyo ili poyera pa webusaiti. Yang'anirani disiki: malo akatsala ochepa Postfix imayamba kuyankha 452 ndipo palibe kalata imalowa. Pulogalamu yoyang'anira ikhale kunja kwa sevayo, iziyesa port 25, port 993, tsiku lotha satifiketi ndi mindandanda ya oipa, ndipo uthenga wochenjeza uzipita pa foni kapena ku adiresi ija ya kwina.

Ngati pa domeniyo pali mabokosi a anthu ena, a pabanja kapena a kuntchito, lembani papepala dzina la kampani ya domeni, ya DNS ndi ya VPS, masiku olipira, kumene kuli kopera ndi pasiwedi yotsegulira koperalo, komanso masitepe osinthira MX kuti iloze ku kampani yosunga makalata. Pepalalo lisungidwe ndi munthu wina wodalirika amene angathe kulitsatira inu mutadwala kapena muli kutali.